Tsiku Lomwe Makina Anafa

Makina odulira anafa Loweruka,
m'mawa wa chifunga ku Dinant, mtsinje wa Meuse usanaoneke n'komwe.
Chogwirira chinathyokera m'dzanja langa
ngati fupa la nkhuku.
Matumba awiri a mbatatesi anali atatsamira khoma,
ndipo zenera lathu la tchipisi timatsegula masana enieni.

Bambo anga, a Ghislain, anali pa kireti ya mabotolo,
manja akunjenjemera pamaondo
monga achitira zaka zinayi tsopano.
Sanadandaule. Anangoti,
Perrine, tsegula dirowa yachitatu.

Munali mpeni wokulungidwa m'nyuzipepala yakale,
chigwiriro chake chitada ndi mafuta.

Yamba wanola, anatero.
Mpeni wobuntha ndiwo umadya chala,
umaterereka pakhungu la mbatata n'kukapeza lako.
Ndinanola. Chitsulo chinalira pamwala
ngati munthu wokokera mpweya m'mano.

Yala kansalu konyowa pansi pa thabwalo, lisamayende.
Usagwire mpeni ngati ukufuna kubaya munthu.
Tsina chitsulo pomwe chikumana ndi mtengo,
chala chachikulu uku, cha mkombaphala uko,
zinazo zingofungatira.

Ndinasenda yoyamba, n'kukolowola maso ake ndi nsonga,
n'kuchotsa kadera kobiriwira kaja kowawa.
Nditangoiika pathabwa inagubuduka,
inagwa, inakabisala kunsi kwa chitofu.
Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

Chinthu chobulungira sichimva malamulo, mwana wanga.
Yamba waibenthula kambali, kachidutswa kopyapyala,
uigoneke pabala pakepo.
Waona? Yakhala pansi. Tsopano mungakambirane.

Dzanja lamanzere ndilo linavuta.
Zala zanga zozolowera kompyuta ya ku Namur
zinkatambasuka zokha, kudzipereka.
Pinda! Bisa zikhadabo ngati mphaka pabulangeti.
Mpeni uzitsamira mfundo za zala,
uzitsika pamenepo,
dzanja lizibwerera m'mbuyo, osathamanga.

Choyamba zibenthu zathyathyathya,
zonenepa ngati chala chako chaching'ono.
Sanja ziwiri, zitatu ukalimba mtima,
kenako timitengo.
Usakanikize. Kankhira kutsogolo, mpeni uyende wokha.
Tikasiyana kukula, kowonda kapserera
konenepa kakadali kakawisi m'kati,
ndipo a Léonce a ku positi akuuza pamaso pa anthu.

Tizidutswa ta m'mbali tinkapita m'mbale ina.
Ito tidula timakona madzulo, ta supu.
M'nyumba muno sititaya chimene alimi anawerama pokumba.

Madzi ozizira a m'ndowa anayera ngati mkaka wosungunula.
Ndinataya, ndinathira ena,
ndinapukuta timitengo ndi thaulo
poti madzi ndi mafuta owira ndi adani akale.

Thumba loyamba linandidyera maola awiri
n'kundisiyira thuza m'munsi mwa chala.
Pa lachiwiri ndinaiwala kuwerenga.
Tho, tho, tho pathabwa,
ndipo palibe amene ankandiuzanso kanthu.
Nditacheuka ndinapeza bambo atatsinzina,
dzanja lawo lamanzere litapindika pabondo,
zikhadabo zitabisika,
likubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono
pamwamba pa mbatata yomwe panalibe.
Silinkanjenjemera.
Ndinayang'ana kumbali, ndinapitiriza kudula.

Belu la tchalitchi cha m'tsinde mwa thanthwe
linalira kakhumi ndi kawiri.
Ndinakweza zenera, nthunzi inatuluka patsogolo panga.
A Léonce anasolola kamodzi m'pepala lopiringa,
anakatembenuza, anakaluma.
Izi si za makina, anatero.

Bambo anayankha ali pa kireti pomwepo:
Wokonza makina abwera Lachitatu.
Anatero ngati munthu wonena za mvula
imene iwononge mbewu zoyanika pabwalo,
kenako anandipempha nyuzipepala ina
yokulungira mpeni.